Tebulo la Mlamu Cleofé

Oruro, 9 Meyi 1996

Wokondeka mlongo wanga Hilarión,

Moni wochokera kuno kumapiri. Ine ndilipo, kungoti bondo lija silikundipatsa mtendere chiyambire chisanu. Marcelina ndi ana ake akupereka moni kwa amalume awo. Kaya iwe kumeneko?

Papita masabata asanu chichokere iwe, ndipo chimene ndalandira ndi uthenga wapakamwa wa dalaivala, woti unawoloka malire. Utawoloka, kenako? Munthu wa zaka 61, wa chifuwa ngati chakocho, kukhala m'basi masiku asanu kupita kudziko la eni. Ine sindikudya bwino. Galu akauwa pa geti ndimangoti basi, wabwera wa uthenga woipa.

Penshoni yako ndinakatenga monga unandiuzira, ndipo ndatumiza. Undiuze ikafika. Kalaliki anafunsa kuti mwini wake ali kuti, ine n'kuti ali ku Peru, kunyanja. Anaseka, akuti munthu wa mumgodi wa ku Huanuni ndi nyanja zikugwirizana pati. Ine sindinaseke nawo.

Tsono chimene ndalembera ndi ichi. Mkazi wako Cleofé anatisiya mu Januwale, ndiye Novembala akubwerayu ndi ulendo wake woyamba wodzationa. Ukudziwa wekha kuti tebulo la chaka choyamba si la masewera. Pafunika ana a buledi, makwerero a buledi oti atsikirepo, hatchi ya buledi yomunyamulira katundu pobwerera, ndi zakudya zonse zimene ankakonda. Koma mzimu ukafika 12 koloko masana pa Tsiku la Oyera Onse, umayamba wayang'ana mwamuna wake kumutu kwa tebulo. Ukapanda kumuona sukhudza kanthu, umabwerera ndi njala. Mkazi ameneyu anakudikirira pakhomo pa mgodi zaka 34. Usamuchititse manyazi pamaso pa mizimu inzake, iyo ikubwerera ndi akatundu, iye chimanjamanja.

Wa uvuni ndamuuza kale kuti atisungire tsiku lathu lophika. Nyumba yako ndimaisesa Loweruka lililonse. Ulembe tsiku lobwera. Ndipo usayandikire madzi, sudziwa kusambira.

Ndine mlongo wako,
Primitiva


Colán, 2 Juni 1996

Achemwali,

Moni wa kunyanja. Kalata yanu ndalandira, penshoni nayo yafika, zikomo. Galu wanuyo amauwa ngakhale mphepo, musamamumvere.

Ndili moyo, ndipo ndikupuma. Kumeneko kuchoka pabedi kukafika pa geti ndinkaima kawiri. Kuno dzulo ndayenda wapansi mpaka kutchalitchi cha pamtunda, chimene eni ake amati n'chakale kuposa matchalitchi onse a m'gombe lino, ndipo ndayamba kukhosomola nditafika kale pakhomo. Chisanu kulibe. Mwa mabulangete anayi munandikakamiza kunyamula aja, limodzi ndasandutsa pilo, atatu sanatuluke m'chikwama.

Mnzanga wa kumgodi uja sananame. Anandipezera chipinda kwa mayi Zoila, amene ali ndi uvuni ndipo amaphikira buledi mudzi wonse. Chipinda n'chotchipa. Nsomba asodzi amangondipatsa ndikawathandiza kugwira chingwe pokokera bwato kumtunda. Ndalama imene kumeneko inkathera ku mankhwala a chifuwa, kuno ndikudyera mwezi wathunthu. Penshoni yomweyi, imene kwathu imachititsa chisoni, kuno yandisandutsa bwana.

Nyanja ndinaiona, achemwali. Tsiku loyamba ndinakhala pamchenga mpaka msana kupweteka, kufunafuna tsidya lina, osalipeza. Cleofé ankati ndikadzapuma pantchito tidzapite limodzi kukaiona. Ndinamuuza chamumtima kuti ya pa kalendala ya kukhitchini ija inatinamiza, yeniyeniyo siima malo amodzi.

Za Novembala ndamva. Kudakali kutali, tidzakambirana. Ndaikamo chithunzi kuti muone mmene ndanenepera.

Ine wanu,
Hilarión


Oruro, 24 Juni 1996

Hilarión,

Moni. Tili bwino, ngakhale madzi akumaundana m'chidebe m'mawa uliwonse.

Chithunzi ndachiona. Ndachiona kambirimbiri mpaka Marcelina anandilanda. Kunenepa wanenepadi. Koma jekete lakuda lili kuti? Mkazi wako sanathe miyezi isanu ndi umodzi m'manda, iwe wavala malaya oyera, mabatani awiri osamanga, mano onse panja. Nanga mayi waima pambali pakoyo, wa mikono yaufayo, ndi ndani? Ndiye Zoila wakeyo? Mwamuna wake ali kuti? M'kalata sunamutchule.

Marcelina akuti ndisiye kuganiza kwambiri, amalume angomva kutentha. Mwina. Koma ine ndinakulera amayi atamwalira, ndimakudziwa. Ukati tidzakambirana, ndiye kuti wakana kale. Unatero pa nkhani ya sukulu, unateronso pamene ndinkakuletsa kulowa mumgodi.

Chithunzicho ndabisa pansi pa matiresi kuti abale a Cleofé asachione. Mchimwene wake anabwera Lamlungu kudzafunsa kuti ufa wa tebulo tigula liti, ine n'kumuuza kuti ubwera mu Okutobala. Usandisandutse wabodza. Ndikufuna tsiku, lolembedwa m'manambala.

Nsomba zaulerezo uzizinunkhiza usanadye. Chaulere chimakhala ndi chifukwa chake.

Primitiva


Colán, 28 Julayi 1996

Achemwali,

Moni. Pepani ndachedwa kuyankha, ndimafuna mtima wanu uyambe wazizira, poti kumeneko zonse zimazizira msanga.

Jekete lakuda lilipo, lili pa msomali. Ndinalivala masabata awiri oyamba, thukuta kuchita kuyenderera mpaka m'nsapato, anthu n'kumandipatsa moni ngati wansembe watsopano. Chisoni changa sichili mu jekete, achemwali.

Mayi Zoila ndi amasiye, amuna awo anapita ndi nyanja kalekale. Masiku ano ndimawathandiza kukanda ufa. Akuti manja amene anagwira chitsulo choboolera miyala ali ndi mphamvu yabwino, kungoti ndimamenya ufa ngati unandilakwira.

Ndili ndi pempho. Mumupatse dalaivala uja shawelo yofiirira ya Cleofé, imene ankavala pa zikondwerero, ndi chithunzi chake cha pakhoma. Mundigulirenso tinkhope topaka utoto tija timamata pa ana a buledi, khumi ndi tiwiri, kamodzi kakhale ka mayi wa masaya ofiira. Kuno satidziwa. Musandifunse zambiri panopa, ndidzalongosola.

Bondolo muzilithowa ndi madzi otentha.

Wanu,
Hilarión


Oruro, 20 Ogasiti 1996

Hilarión,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero.

Shawelo sinditumiza. Mapewa amene ukufuna kuwafunditsa ndinawaona pa chithunzi.

Tinkhope sinditumizanso. Ine sukulu ndinalekeza chaka chachitatu, koma zimenezi ndazizindikira. Ukufuna kuyala tebulo kumeneko, ndi buledi wa mu uvuni wa mayi ameneyo, kuti usavutike ndi basi. Tandiuza, Cleofé akafika bwanji ku Colán? Moyo wake wonse sanapitirirepo La Paz. Kuwerenga sankadziwa. Njira akafunsa yani? Mzimu umabwera kunyumba imene ukuidziwa, pakhomo pamene unatulukira. Adzafika pano, adzapeza mpando wako uli wokha, adzayang'ana ine. Ndidzamuuza chiyani? Kuti mwamuna wako akudya nsomba?

Masabata atatu tsopano ndikungowotcha zakudya pamoto, mutu suli pano. Dzulo ndathira shuga mu supu.

Umati ukupita kukapuma miyezi ingapo, kuti chifuwa chipepuke. Chapepuka, wanenepa, ukuseka. Ndiye chikukuletsa n'chiyani kukwera basi ulendo umodzi wokha chifukwa cha mkazi amene anakuchapira zovala zamatope zaka 34? Ukapanda kubwera, kumutu kwa tebulo ndidzaima ndine, ndipo ndidzamuuza zonse mmene ndikuzionera. Zikatero usadzandilemberenso kuti achemwali.

Primitiva


Colán, 12 Sepitembala 1996

Achemwali,

Ndamva. Sungani tsiku la uvuni. Ndidzafika pa 28 Okutobala.

Hilarión


Oruro, 2 Okutobala 1996

Mlongo wanga Hilarión,

Moni, moni. Mulungu akudalitse. Ndinapita nayo kalata yako kwa abale a Cleofé kuti aone okha manambala.

Ufa ndagula, mtedza wa supu yake ndagula, nzimbe zoti zikhale ndodo yake ndauza mayi wa pamsika andisungire zowongoka. Uvuni ndi wathu pa 30. M'basi ukhale kutali ndi zenera losweka, ndipo mukayamba kukwera mapiri utulutse mabulangete aja. Uzitafuna masamba a koka pang'onopang'ono, aja timatafuna kuti mapiri asatizunguze mutu.

Koma kalata yako yafupika ngati ya ku polisi. Mulibe nthabwala ngakhale imodzi. Iwe ngakhale tsiku limene mwala unakuthyola mkono unaseketsa amene anakunyamula. Mwina ndinalankhula mopyola. Ngati ndi choncho, tidzakonza ukafika. Koma zikundisowetsa mtendere. Uli bwino?

Mlongo wako,
Primitiva


Colán, 7 Okutobala 1996

Mayi Primitiva,

Landirani moni wanga. Simukundidziwa, ngakhale ndamva kuti mapewa anga mumawadziwa bwino. Ndine Zoila Periche, mwini nyumba imene mchimwene wanu akukhala. Kalata yanu ya mu Ogasiti ndinaipeza m'thumba la malaya ake pamene anamwino ankamuvula, ndipo ndinaiwerenga. Mundikhululukire, adiresi ndinaipezanso momwemo.

Ali m'chipatala ku Piura. Ali moyo, akulankhula, akudya. Yambani mwakhala pansi, kenako muwerenge zotsalazi.

Mwezi uno anthu a kuno amakwera ku Ayabaca kukapemphera. Iye anakwera nawo basi Lachinayi osandiuza. Anauza mnzake kuti akukayesa chifuwa, akuti phiri la Ayabaca ndi mwana chabe poyerekeza ndi Oruro, akapirira kumeneko ndiye kuti kwawo akafika. Sanafike n'komwe pamwamba. Milomo inada, anakomoka, anamutsitsa pa lole.

Dokotala wanena kuti mapapo ake anadzaza fumbi la mumgodi, ndipo akadzakweranso kumapiri udzakhala ulendo womaliza. Iye sanadabwe. Wandiululira kuti dokotala wa kwanuko anamuuza zomwezo mu Malichi, kuti akakhala kumeneko chaka satha. N'chifukwa chake anatsika. Sanabwere kuno kudzapuma miyezi ingapo, mayi, anabwera kudzakhala. Nditamufunsa chifukwa chake anakubisirani, anati achemwali amadwala ndi nkhawa kuposa mmene iye amadwalira ndi fumbi.

Za ine musade nkhawa. Ndili ndi zaka 68, ndipo mwamuna mmodzi anandikwana. Shawelo yaubweya kuno ingandiphe tsiku limodzi. Ankaifuna kuti ayale patebulo, kuti mkazi wake akaiona adziwe kuti sanasochere. Chiyambire Juni wakhala akuwononga ufa wanga kuphunzira kuumba makwerero ndi hatchi. Makwerero akuyesera, koma hatchi zake zimatuluka mu uvuni zili nkhumba.

Tsono vuto ndi ili. Akuti akangotuluka akwera basi ndithu, chifukwa analonjeza m'manambala. Nsapato zake ndabisa, koma munthu wamkulu sungamusunge ndi nsapato mpaka kalekale. Lonjezo analipereka kwa inu, ndiye womumasula ndi inu nokha. Chitani msanga.

Zoila Periche


Colán, 4 Novembala 1996

Mwana wanga Marcelina,

Moni kwa iwe ndi ana. Ndinafika pa 29, miyendo itatupa ngati maungu. Sindinabedwe, sindinasochere, ngakhale ku Lima ndinakhala pachikwama maola asanu ndi limodzi osadzuka ngakhale kupita kuchimbudzi. Pamalire msilikali anatsegula mtolo, anapeza tinkhope khumi ndi tiwiri tikumuyang'ana, anangochita chizindikiro cha mtanda n'kundiuza kuti ndizipita.

Chithunzi cha azakhali ako Cleofé ndinachigwira pazenera ulendo wonse, nkhope kuyang'ana kunja, kuti aone njira. Paliponse posintha basi ndinkawatchulira dzina la tauni mokweza. Mayi amene ndinakhala naye pampando anasamuka titafika ku Puno. Zake zimenezo.

Amalume ako ndinawapeza pakhonde. Aonda, Marcelina, chithunzi chawo chonenepa chija uchiiwale. Anali atavala jekete lakuda dzuwa likuswa mtengo, kumapazi alibe kanthu, chikwama chili pambali chomangamanga. Atandiona anafuna kuimirira, n'kulephera.

"Achemwali, mwabwera kudzanditenga?"

"Vula chijeketecho," ndinatero. "Fumbi lakulephera, ndiye ufuna ufe ndi thukuta?"

Ndinangomasula chikwama chawo n'kubwezera zovala pa msomali, iwo akuyang'ana. Mayi Zoila ndinakonza zowapepesa kuyambira ku Arequipa, mawu onse ndinali nditawaika bwinobwino. Nditangoyamba, anandipatsa beseni la ufa, akuti pepani wabwino ndi wa manja. Tinaphika masiku awiri. Hatchi ndinaumba ndine. Nkhumba ya amalume ako tinaiikanso, anakana kuti itayidwe.

Tebulo linakongola. Tinayala shawelo, chithunzi pakati, makwerero kumbuyo. Nzimbe kuno n'zambiri, zazitali kuposa chitseko. Ndinaphika supu ya mtedza ndi mbatata zouma ndinanyamula zija. Amalume ako anawonjezerapo nsomba yokazinga, akuti alaweko za kuno. Koma ine mtima sunakhale pansi. Ndinkangoti nanga ngati pachithunzi saona? Nanga ngati anatsikira ku Lima? Amalume ako anandiseka, akuti mkazi amene ankawapeza m'mabala onse a ku Huanuni tsiku lamalipiro, ngakhale abisale kuseri kwa migolo, sangalephere kuwapeza pamudzi wa misewu itatu.

Ukudziwa kuti mzimu ukafika, pa zonse za patebulo umayamba ndi kumwa, ndipo timadziwira pa madzi a m'kapu akatsika. Koma kuno kukutentha moti ngakhale chovala chonyowa chimauma usanamalize kuyanika chinzake. Ndiye ndinachita chinthu mobisa. Kapu ya patebulo ndinaimata kaufa pamene madzi analekezera. Ndinadzazanso ina yofanana nayo, n'kuimata chimodzimodzi, n'kuibisa pazenera kuseri kwa chitini cha maluwa. Ndinati ya patebulo ikatsika yokha, ndiye kuti wafika. Zikatsika zonse, ndiye kuti ndi dzuwa chabe, ndipo ndamusocheretsa mlamu wanga pakati pa mayiko awiri.

Belu la 12 koloko litalira tinatsegula chitseko choyang'ana kunyanja. Amalume ako anaima kumutu kwa tebulo, okha, osagwira mpando, mpaka pemphero lonse kutha. Anati, "Lowa, Cleofé. Ndi iyo nyanja yako ija." Ine ndinayang'ana pansi.

Mawa lake masana, nthawi yomuperekeza itakwana, ndinayang'ana kapu ya patebulo. Madzi anali atatsika zala ziwiri. Amalume ako nkhope inawala. Ine ndinapita pazenera mwakachetechete, koma chitini chinagwa, onse n'kucheuka. Kapu yobisa ija nayonso inali itatsika zala ziwiri. Ndinalibe pothawira, ndinaulula zimene ndinachita. Mayi Zoila, poti sadziwa za kwathu, anangoti dzuwa la kuno limamwa chilichonse. Amalume ako anakhala pansi pang'onopang'ono, akuyang'ana makapu awiriwo, ndipo ndinaona mpweya ukuyamba kuwavuta. Zonsezi chifukwa cha ine ndi kufufuza kwanga.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinati, "Dzuwa lanji? Masiku asanu m'basi, chipululu chonse chija, munthu angakhutire ndi kapu imodzi? Ine nditafika ndinamwa zingati?"

"Zinayi," anatero mayi Zoila.

Amalume ako anaseka mpaka kukhosomola, misozi ili chuchuchu. Akuti ndi Cleofé ndithu, palibe chimene munthu anabisapo m'nyumba iye osachipeza. Ndipo Marcelina, nditamaliza kunena ndinaona kuti n'zoona. Kuyambira tsiku limenelo ndikudya bwino.

Ndikhulupirira unatsegula chitseko cha nyumba yawo n'kuikapo kandulo ndi madzi monga ndinakuuzira. Za kapu ya kumeneko usandilembere, kaya inatsika kaya sinatsike. Abale a Cleofé uwauze zoona zake zonse, ndipo chithunzi chili pansi pa matiresi uchitulutse, uchiike pakhoma.

Wa uvuni umuuze kuti chaka chamawa asatisungire tsiku. Mwa matebulo a zaka zitatu amene timayalira womwalira, atsala awiri, ndipo njira azakhali ako aidziwa tsopano. Penshoni uzikatenga ndiwe, ndikutumizira kalata ya ku ofesi. Ine ndikhala kaye mpaka amalume ako anenepenso, sindingawasiye ndi nsomba zaulerezi popanda wozinunkhiza. Bondo lasiya kupweteka, ndipo zimenezi zikundidetsa nkhawa pang'ono, chifukwa sindikudziwa kuti ululuwo wapita kuti. Unditumizire nsapato zopepuka zija. Geti uzimanga ndi waya, galu asatuluke.

Amalume ako apatsidwa nsapato zawo lero, ndipo akuti mawa anditengera kumchenga kuti ndikaviike phazi m'nyanja. Ndawauza kuti tidzakambirana.

Ndine mayi ako,
Primitiva